Ntchito ya masana okha pashopu ku Luwinga: malipiro, tchuthi ndi shoti zimayenda bwanji?

Chemwali_wa_Chibavi

Akuluakulu, muli bwanji nonse? Ndithandizeni nzeru. Cha ku Luwinga kuno ku Mzuzu kuli shopu ina ya zolembera ndi fotokope, yomwe ilinso ndi Airtel Money ndi Mpamba. Akufuna munthu wogwira masana okha, kuyambira 1 koloko mpaka 6 koloko, Lolemba mpaka Loweruka, malipiro K55,000 pa mwezi. Eni ake akuti popeza ndi part-time palibe zosainirana, palibe tchuthi, ndipo ndalama ikashota azidula pa malipiro. Ine ndimakhala ku Chibavi, ndipo m'mawa ndikufuna ndizigwira kwina kuti zikwane. Kodi ndalama imeneyi ndi yoyenera? Kodi n'zoona kuti wa part-time lamulo silimudziwa? Nanga kuphatikiza ntchito ziwiri kuli ndi vuto lanji?

Mlembi_wa_ku_Katoto

Achemwali, tiyambe ndi mawu akuti part-time, chifukwa eni mashopu ambiri amabisala m'menemo. Lamulo la ntchito la dziko lino, Employment Act ya 2000, silinagawe antchito kuti awa ndi a tsiku lonse, awa ndi a theka la tsiku. Limadziwa mitundu itatu ya mgwirizano basi: wopanda tsiku lothera, wa nthawi yoikika monga miyezi isanu ndi umodzi, ndi wa ntchito imodzi imene ikatha mgwirizano wathanso, monga kukumba chimbudzi. Zimene mwafotokozazi, kubwera tsiku lililonse pa ola limene bwana wanena, kugwiritsa ntchito makina ake, kulandira mwezi ukatha, ndi ntchito ya mtundu woyambawo. Ndinu wantchito ngati wina aliyense, kungoti maola anu ndi ochepa.

Za kusainirana. Mgwirizano wapakamwa lamulo limauvomereza, koma tsiku la mkangano palibe amene amakumbukira zofanana ndi mnzake. Bwana amene ali ndi antchito asanu kapena kuposa amakakamizidwa kupereka zolembedwa pasanathe mwezi munthu atayamba ntchito. Kashopu ka anthu awiri mwina sikafika pamenepo, koma palibe chokuletsani kupempha. Sizifuna loya. Pepala la m'kope likwana, lolembedwa pamanja, awiri ofanana, wina lake wina lake. Mulembe maina, tsiku loyambira, masiku ogwira, ola lolowa ndi ola loweruka, malipiro, tsiku lolandira, mtengo wa ola lowonjezera, ndi m'mene shoti iziwerengedwera. Akakana kusaina, atumizireni zomwezo pa WhatsApp n'kufunsa kuti "bwana, tagwirizana chonchi eti?" Akayankha kuti eya, uthengawo muusunge. Malipiro muzipempha kuti azidzera pa foni, chifukwa meseji ya Mpamba kapena Airtel Money imaonetsa tsiku, ndalama ndi amene watumiza. Ndalama ya m'manja ilibe mboni.

Tsopano masamu. Malipiro otsikitsitsa amene boma linaika mu Juni 2025 kwa antchito wamba ndi K126,000 pa mwezi. Chaka cha 2024 anali K90,000. Magulu ena, monga antchito a m'nyumba ndi oyendetsa magalimoto akuluakulu, ali ndi mitengo yawoyawo, ndipo ziwerengerozi zimasinthidwa, choncho mudutse ku ofesi ya zantchito mufunse mtengo wa gulu lanu lero. Mwezi wa ntchito umawerengedwa masiku 26. K126,000 kugawa ndi 26 ndi K4,846 pa tsiku, ndipo tsiku la maola 8 likutanthauza K606 pa ola. Inu maola 5 pa tsiku kwa masiku 26 ndi maola 130. Pa mtengo umenewo zikubwera K78,750. K55,000 akunenayo ndi K423 pa ola. Mukapita kukakambirana, musakayambe ndi mawu akuti ndalama ndi yochepa, aliyense amatero. Mukawaonetse mtengo wa ola.

Tchuthi chilipo. Wogwira masiku asanu ndi limodzi pa sabata ali ndi masiku 18 pa chaka olandira malipiro, wogwira masiku asanu ali ndi 15. Lamulo likuwerenga masiku a pa sabata, silikufunsa kuti tsikulo mumagwira maola angati. Kwa inu ndi tsiku limodzi ndi theka mwezi uliwonse, ndipo tsiku la tchuthilo limalipidwa pa mtengo wa tsiku lanu la maola 5. Mukasiya ntchito musanapite ku tchuthi, masiku amene mwasonkhanitsa amasanduka ndalama. Mukakwanitsa miyezi 12, mukadwala n'kubweretsa kalata ya kuchipatala, muli ndi masabata anayi a malipiro onse ndi masabata asanu ndi atatu a theka. Tsiku la holide ya boma, monga 3 Malichi kapena 6 Julaye, mukagwira, malipiro a maolawo ndi owirikiza kawiri. Chimodzimodzi akakuitanani Lamulungu, tsiku lanu lopuma. Ola lowonjezera pa tsiku wamba ndi mtengo wa ola ndi theka lake.

Ovataimu ya wa maola ochepa ndi imene imabala mkangano kwambiri. Mabwana ena amati imayamba munthu akadutsa maola 48 pa sabata, ndiye wa maola 30 asaiyembekezere. Koma lamulo limakamba za maola opitirira amene wantchitoyo amagwira nthawi zonse pamalopo. N'chifukwa chake ndati ola loweruka lilembedwe. Popanda 6 koloko papepala, 7 koloko imasanduka nthawi yanu yoweruka mwakachetechete.

Pomaliza, wolandira pa mwezi amayenera notisi ya mwezi umodzi, mbali zonse ziwiri. Kuchotsedwa kumafuna chifukwa chomveka komanso mpata woti mudziyankhire. Zotsala zanu zonse zimayenera kuperekedwa pasanathe masiku 7 ntchito itatha. Mukachotsedwa mosayenera, musakhale mukudandaula pakhomo, muli ndi miyezi itatu yokha yokasuma kwa ofisala wa zantchito. Zikakanika kumeneko nkhani imapita ku Industrial Relations Court, khoti la milandu ya zantchito, lomwe lili ndi nthambi konkuno ku Mzuzu.

Wowerengera_Zolozolo

Zalamulo anena bwino a Mlembi. Ine ndiwonjezere za m'thumba, chifukwa ntchito ikhoza kukhala yolondola palamulo koma n'kukudyerani ndalama.

Choyamba, maola 5 aja si maola 5. Pashopu yotere munthu amafika 12:30 kuti alandire sitoko ndi floti (ndalama ya m'foni ya Airtel Money ndi Mpamba) kwa wa m'mawa. Chitseko chimatsekedwa 6 koloko, koma pamakhala wophunzira wa ku Mzuni (yunivesite ya Mzuzu) amene wabwera mochedwa ndi masamba makumi asanu oti asindikize, kenako kuwerenga ndalama, kulemba m'buku, kudikira bwana kuti abwere adzatenge. Mumatuluka 6:45. Amenewo ndi maola 6 ndi kota. Kwa masiku 26 ndi maola 162 ndi theka, ndipo K55,000 ija yatsika kufika K338 pa ola.

Chachiwiri ndi ulendo. Wa tsiku lonse ndi wa theka la tsiku amalipira thiransipoti yofanana. Apa m'pamene ntchito ya maola ochepa imapwetekera anthu. Chibavi ndi Luwinga si pafupi poti n'kuyenda pansi tsiku lililonse, makamaka nthawi ya mvula, ndipo madzulo kukada simungadalire miyendo. Ikani mtengo umene mukulipira lero, ine ndingopereka chitsanzo: tinene K800 ulendo umodzi pa sacramento (njinga ya kabaza) kapena pa taxi yophatikizana. Kupita ndi kubwera K1,600, kwa masiku 26 ndi K41,600. Pa K55,000 patsala K13,400, musanagule ngakhale chimanga chootcha. Mukatero mukugwirira ntchito anyamata a kabaza.

Pali njira ziwiri zokonzera. Ina ndi kupempha kuti maola 30 omwewo a pa sabata awunjikidwe m'masiku anayi, maola 7 ndi theka tsiku lililonse. Masiku oyenda amatsika kuchoka pa 26 kufika pafupifupi 17, thiransipoti n'kukhala K27,200, ndipo mumatsala ndi masiku awiri athunthu ogwira kwina. Masiku awiri athunthu ndi osavuta kugulitsa kuposa m'mawa isanu ndi umodzi yoduladula. Vuto lake n'lakuti mwini shopu akufuna munthu masana chifukwa ndi nthawi imene makasitomala amachuluka, ndiye akhoza kukana. Njira inayo ndi kusaka ntchito ya m'mawa ku Luwinga komweko, kuti ulendo umodzi utumikire ntchito ziwiri. Kumeneko kuli mafakitale, magaraja, mahositelo a ophunzira ndi malo odyera. Ntchito ya m'mawa ku Katoto ndi ya masana ku Luwinga ndi maulendo atatu pa tsiku, ndipo ola la nkhomaliro limathera panjira.

Chinanso choti mufunse musanavomere: Mzuni ikatseka zimakhala bwanji? Mashopu a fotokope a m'dera limenelo amapuma mpweya wa ophunzira. Nthawi ya ma assignment ndi mayeso makina satonthola, koma holide ikafika pamakhala zii. Eni ake ambiri amangoti "mubakhala kaye kunyumba, tidzakuitanani". Ngati mgwirizano ndi wa pa mwezi, imeneyo si nkhani yongonena pakamwa. Gwirizanani lero kuti miyezi imeneyo muzigwira maola angati pa mtengo wanji, kapena mgwirizano ukhale wa semesita imodzi, wolembedwa tsiku loyamba ndi lothera, kuti inu mudziwiretu nthawi yosakira kwina. Chimodzimodzi magetsi akazima: mwafika, mwakhala maola asanu makina ali chete. Tsiku limenelo mwagwira ntchito, chifukwa nthawi yanu munaipereka. Zilembedwe.

Gulani kakope kakang'ono. Tsiku lililonse mzere umodzi: deti, ola lofika, ola lotuluka, ndalama imene mwalandira polowa, imene mwapereka potuluka. Mizere 26 pa mwezi basi.

Kapitawo_Mchengautuwa

Monire mose. Ine ndisiyane pang'ono ndi anzangawa. Akukamba ngati ntchito yosakwana tsiku ndi ya m'shopu yokha, pamene anthu ambiri mu mzinda muno amene sali pa ntchito yokhazikika amadya za ganyu, ndipo ganyu sawerengera maola. Amawerengera ntchito. Ngati achemwali akusaka chochita m'mawa, adziwe kusiyana kwake, chifukwa kusokoneza ziwirizi n'kumene kumaliza anthu.

Mfundo yosavuta kukumbukira ndi iyi: ntchito imene ingayezedwe, gwirizanani pa muyezo. Imene singayezedwe, monga kudikira makasitomala kapena kulera mwana, gwirizanani pa nthawi. Wolipidwa pa tsiku pa ntchito yoyezeka amazengereza, wolipidwa pa muyezo pa ntchito yosayezeka amaberedwa.

Muyezo wake ukhale woti nonse awiri mungauwerenge ndi maso. Madzi a pachimango ndi pa diramu: diramu ya malita 200 ndi zigubu khumi za malita 20, ndipo mtengo umasintha ndi mtunda wochokera ku kiyosiki kapena kuchitsime, komanso chitunda. Kukweza chigubu ku Masasa kapena kuno ku Mchengautuwa sikufanana ndi kuyenda nacho pamalo athyathyathya. Njerwa ndi pa 1,000, koma nenani kuti mukuwerenga ziti: zongoumba zili pabwalo, kapena zouma zosanjidwa? Pakati pa ziwirizi pamasweka zambiri, ndipo mvula ikawaza usiku zimasungunuka. Mzuzu mvula imachedwa kusiya kuyerekeza ndi Lilongwe, ndipo Juni ndi Julaye kumakhala kamvula kowaza ndi chifunga, njerwa zimachedwa kuuma. Amene sananene kuti zowonongeka ndi za ndani amakangana pa uvuni. Maziko ndi pa mita, koma mita yopanda kuya ndi kutambalala kwake si muyezo. Ngalande ya theka la mita kuya ndi ya mita yathunthu ndi ntchito ziwiri zosiyana, ndipo m'madambo monga mbali zina za Chibavi ndi Chiputula madzi amatumphuka musanafike pansi, mumakhala mukukapa m'malo mokumba. Kumunda ndi pa mzere kapena pa ekala, ndipo ekala ndi pafupifupi mapazi akuluakulu 70 uku ndi 70 uku. Yendani nonse awiri musanagwire khasu. Kuchapa, komwe amayi ambiri amagwira m'mawa m'nyumba za anthu, kuli ndi msampha wake: "beseni limodzi" limakula mwini wake akalowa m'nyumba n'kutulutsa mabulangete. Bulangete ndi majini ziwerengedwe pazokha, ndipo nenani kuti sopo ndi madzi ndi za ndani, kusita kuli momwemo kapena ayi.

Kalipiridwe: ganyu wa tsiku limodzi, ndalama tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe. Ganyu wa sabata kapena kuposa, agawidwe patatu, poyamba, pakati ndi pomaliza. Wolandira zonse poyamba nthawi zambiri samaliza, wodikira zonse pomaliza amamva kuti "bwana apita ku Karonga, mubwere Lachisanu". Pachimango funsani kuti wolipira ndani, mwini nyumba kapena mmisiri. Ambiri amalembedwa ndi mmisiri, mmisiriyo n'kulandira zonse kwa mwini nyumba n'kusowa. Mukapita kwa mwini nyumba amati sakukudziwani, ndipo sakunama.

Ganyu alinso ndi kalendala yake. Zomanga zimatentha mvula ikasiya mpaka cha mu Novembala. Msika wa fodya ukatsegulidwa ku okushoni kuno, cha mu Epulo kapena Meyi, ndalama imayenda mu mzinda, onyamula mabelo, ophika, ogulitsa, onse amapeza. Khofi amathyoledwa nyengo yozizira kumapiri a Misuku, Phoka ndi Viphya. Koma Januwale ndi Febuluwale, pamene chimanga chakwera mtengo, ofuna ganyu amachuluka kuposa ntchito, mtengo n'kugwa. Ndiponso ndi nthawi yomwe munda wa mwini umafuna kupalira ndi kubandira. Wopita kukapalira kwa ena kuti adye lero amasiya wake uli m'tchire, chaka chamawa n'kubwereranso ku ganyu yemweyo. Amene ali ndi kamunda ku Dunduzu kapena ku Lusangazi aganizire zimenezi.

Ndiye K55,000 yobwera mwezi ndi mwezi, ngakhale ndi yochepa, ili ndi ubwino umodzi umene ganyu alibe: landilodi amaimvetsa. Ine ndingati akambirane mtengo, koma asaitaye msanga.

Chemwali_wa_Chibavi

Yewo chomene nonse, mwanditsegula maso, makamaka pa za thiransipoti. Koma nkhani ya shoti sinayankhidwe bwino. Wa m'mawa ndi wa masana tizigwiritsa ntchito foni imodzi ndi kabati imodzi ya ndalama. Ikashota azidziwa bwanji kuti ndi ya ndani? Ndipo a Mlembi, za ntchito ziwiri zija, msonkho ndi penshoni zimakhala bwanji?

Mayi_wa_pa_Zigwagwa

Mwana wanga, funso limeneli ndiye lenileni. Pa ntchito yosinthana, shoti imagwera amene watseka, chifukwa ndi amene amapezeka bwana akamawerenga. Inu ndinu wotseka. Mukapanda kusamala muzilipira zolakwa za m'mawa.

Ndalama ya ejenti wa Airtel Money ndi Mpamba ili pawiri: ya m'foni, imene timati floti, ndi ya m'kabati. Kasitomala akaika ndalama, ya m'foni imatsika, ya m'kabati imakwera. Akatapa, ya m'foni imakwera, ya m'kabati imatsika. Choncho ziwirizi mukaziphatikiza, chiwerengero sichiyenera kusintha tsiku lonse. Ngati bwana anaika K400,000, nthawi iliyonse foni kuphatikiza kabati ikhale K400,000. Komishoni imabwera payokha, isakusokonezeni. Polandirana pa 1 koloko muchite izi nonse awiri muli pomwepo: onani balansi ya Airtel Money, onani ya Mpamba, werengani ya m'kabati pepala ndi pepala, lembani ziwerengero zitatuzi m'buku ndi ola lake, musaine nonse. Zimatenga mphindi khumi. Mnzanu akati akuthamangira, muwerenge mawa, musagwire foniyo. Madzulo chimodzimodzi ndi bwana kapena amene wamutuma.

Ndalama ya fotokope ndi ya zolembera ikhale m'chitini china. Kusakaniza ndiye gwero la shoti zambiri zosadziwika mutu wake: mwasowa chenji ya kasitomala wa fotokope, mwatenga K500 m'kabati ya ejenti, mwaiwala kubweza. Makina ambiri a fotokope ali ndi kauntala yowerenga masamba. Lembani nambala yake polowa ndi potuluka, ndipo masamba owonongeka musataye, muziwasunga mu envulopu kuti awerengedwe. Rimu imodzi ndi mapepala 500, ndiye ngati masamba ogulitsidwa ndi 430 ndipo owonongeka ndi 20, patsale 50.

Bwana mwini wake ndi amenenso amashotetsa. Amabwera 3 koloko, "tandipatsa K20,000 ndikagule tona ya makina", osalemba. Madzulo waiwala. Aliyense wotenga ndalama m'kabati, kaya ndi bwana, mkazi wake kapena mwana wake, asaine m'buku. Muzinena mwaulemu koma musasiye.

Zina zimene zimadya ejenti: kupereka ndalama chifukwa kasitomala wakuonetsani meseji pa foni yake. Meseji yoona ndi imene yafika pa foni ya shopu, ndipo ngati mukukayika onani balansi. Kulemba nambala molakwika poika ndalama: muwerengereni kasitomala dzina limene latuluka musanatsindike PIN. Anthu oimba foni n'kumati ndi a kukampani, akufuna musindikize manambala ena kuti akonze laini: dulani. Ndalama zachinyengo zimabwera madzulo kukamachita mdima komanso pamzere pakakhala anthu ambiri, makamaka ma K5,000. PIN ikakhala yodziwika kwa anthu anayi, musavomere kuti shoti ya m'foni ikhale ya inu nokha.

Papepala lija a Mlembi anena, mulembe kuti mudzayankha shoti yokhayo yopezeka pakati pa kusaina kwa 1 koloko ndi kusaina kwa madzulo.

Mlembi_wa_ku_Katoto

Amayi afotokoza zimene ofisala wa zantchito amafunsa nkhani yotere ikafika pa tebulo lake: buku lolandirana lili kuti? Ndiwonjezere mbali ya lamulo. Bwana saloledwa kulipiritsa wantchito chindapusa ngati chilango, monga kudula K2,000 chifukwa mwachedwa mphindi khumi. Chimene angachite ndi kusalipira nthawi imene simunagwire popanda chifukwa, komanso kubwezeretsa katundu amene mwawonongadi. Kubwezeretsa kumafuna umboni wa kuchuluka kwake ndi kuti wolakwa ndinu, ndipo muyenera kumvedwa kaye. Kungofika pa 30 n'kupatsidwa K31,000 ndi mawu akuti "zinazo ndi shoti" si njira yake. Muli ndi ufulu wolandira kapepala koonetsa malipiro onse, zimene zadulidwa ndi chifukwa chake.

A Kapitawo, pa za ganyu tikugwirizana, koma pali malire amene mabwana amawadumpha dala. Munthu amene wakhala akusesa pa ofesi imodzi m'mawa uliwonse kwa zaka ziwiri si waganyu, ngakhale azimulipira Lachisanu lililonse n'kumamutchula choncho. Lamulo limati ngati mgwirizano wa nthawi yoikika kapena wa ntchito imodzi ukugwiritsidwa ntchito kudzaza malo okhalitsa pa ntchito ya tsiku ndi tsiku ya pamalopo, umatengedwa ngati wopanda tsiku lothera. Aja amasainitsa miyezi itatu, kupumitsa munthu sabata imodzi, n'kusainitsanso miyezi itatu, chaka ndi chaka, akuthawa zimenezi. Ndiponso wovulala pa ntchito ali ndi lamulo lake la chipukuta misozi, Workers' Compensation Act ya 2000. Kuvulala kukanenedwe kwa bwana tsiku lomwelo ndipo kalata ya kuchipatala isungidwe.

Za ntchito ziwiri: palibe lamulo loletsa, pokhapokha mgwirizano wanu utanena, kapena ntchito yachiwiriyo ikhale yopikisana ndi yoyamba. Kugwira m'mawa pa fotokope ya khomo loyandikana n'kudziputira mlandu. Auzeni onse awiri poyera kuti ola lakuti mumakhala kwina, chifukwa wa m'mawa akazolowera kukuchedwetsani mpaka 1 koloko, wa masana ndi amene adzakuchotseni. Siyani ola lathunthu pakati. Muwerengenso thupi: maola 5 m'mawa ndi 6 masana kwa masiku asanu ndi limodzi ndi maola 66 pa sabata, pamene lamulo linaika 48 kwa bwana mmodzi. Palibe adzakulipireni ovataimu pa maola 18 apamwambawo, popeza bwana aliyense akuona ake okha. Ndipo wotopa ndi amene amatsindika nambala yolakwika 5 koloko madzulo.

Msonkho wa PAYE uli ndi gawo loyamba losadulidwa, lomwe mu Epulo 2024 linafika K150,000 pa mwezi ndipo limasinthidwa ndi bajeti. Pa malipiro tikukambawa simufikapo. Bwana akakuuzani kuti wadula msonkho pa K55,000 kapena K78,000, mufunseni pepala la MRA.

Penshoni, lamulo limati bwana aike 10 peresenti, wantchito 5 peresenti. Magulu ena, monga antchito a m'nyumba ndi a nyengo, sali m'menemo, koma iwo amayenera gratuity, ndalama yolandira kamodzi ntchito ikatha, 5 peresenti ya malipiro a mwezi pa mwezi uliwonse umene agwira. Pa K78,750 ndi K3,937 pa mwezi, chaka chikatha K47,250. Mashopu ang'onoang'ono ambiri sachita chilichonse mwa ziwirizi, ndiye funsani ku ofesi ya zantchito kuti shopu ya msinkhu umenewo ikugwa mbali iti, ndipo yankho lake lilowe papepala lanu. Ngati akudula 5 peresenti, mufunse dzina la kampani ya penshoni ndi nambala yanu ya umembala, chifukwa kudula n'kosavuta, kutumiza ndiye kumavuta.

Tsiku lochoka, kaya mwasiya nokha kaya akuchotsani, pemphani kalata yoonetsa kuti munagwira pamenepo kuyambira liti mpaka liti ndiponso ntchito yanji. Lamulo limati mukaipempha akupatseni. Isangoti "wothandiza m'shopu". Ilembe kuti mumasunga ndalama za ejenti, mumalemba mabuku a tsiku ndi tsiku ndipo mumayendetsa makina a fotokope, chifukwa malo olemba makashiya ndi makalaliki amafunsa zimenezo.